Kamafunso Apeza Tchalitchi Chokhoma

Mng'ono wake wa Kamafunso anabadwa Lolemba, Khirisimasi ili pafupi. Anabadwa masiku asanakwane. Anali wamng'ono kwambiri. Amayi ndi khanda anatsala kuchipatala.

Kamafunso ndi mtsikana wokonda kufunsa. N'chifukwa chake amamutchula choncho. Koma tsopano anali ndi funso limodzi lokha. Kodi khandalo likhala bwino?

Lachiwiri m'mawa, anathamangira kutchalitchi. Ankafuna kukauza Mulungu. Anakankha chitseko. Chitseko sichinatseguke. Anagogoda. Kunali zii. Anagogodanso. Kunali zii.

Kamafunso anagwada. Anaika pakamwa pa kabowo ka kiyi.

"Odi, Mulungu. Ndine Kamafunso. Mukundimva?"

Kumbuyo kwake kunalira belu la njinga. Anali bambo ake.

"Iwe, ndakufunafuna ponseponse. Ukunong'oneza ndani?"

"Mulungu, ababa. Amukhomera mkatimu. Adzatsegula Lamulungu. Lamulungu ndi kutali."

Bambo sanaseke. Anamupukuta fumbi m'maondo.

"Kwera, tikaone amayi ako."

Njinga inanyamuka. Inadutsa pamsika. Inadutsa pa okonza nsapato.

"Tandiuza," anatero bambo. "Yesu anabadwira m'tchalitchi?"

"Ayi, m'khola."

"Ankatani m'khola?"

Kamafunso anaganiza. "Amayi ake anali momwemo."

"Eya. Mulungu amabwera kumene kuli anthu. Sadikira Lamulungu."

"Ndiye pamsika alipo?"

"Alipo."

"Pa okonza nsapato alipo?"

"Alipo."

"Nanga panjinga pano?"

"Alipo."

"N'chifukwa chake mukupalasa pang'onopang'ono?"

Bambo anaseka mpaka njinga inagwedezeka. "Ayi, wolemera ndiwe. Umadya ngati mlimi."

Anafika kuchipatala. Anamwino anawauza kuti asambe m'manja. Kamafunso anasamba mpaka m'zigongono.

Amayi anali atakhala pampando. Pafupi nawo panali kabokosi kagalasi. M'kabokosimo munali mofunda. Khanda linagona mmenemo. Linavala kachipewa kakang'ono ngati sokosi.

Kamafunso anayang'ana kabokosi. Kanali kotseka mbali zonse.

"Amayi, m'kabokosimu alimonso?"

"Ndani, mwanangu?"

"Mulungu."

"Alimo. Ine ndikagona, Iye sagona."

Kamafunso anatsinzina. Anapemphera chapansipansi.

"Mulungu, uyu ndi mng'ono wanga. Kulankhula sadziwa. Ndikumulankhulira ndine."

Atatsegula maso, khanda linali kuyasamula. Linatambasula kamwendo kamodzi.

"Lero wayamwa bwino," anatero anamwino.

"Ndiye pa Khirisimasi abwera kunyumba?" anafunsa Kamafunso.

"Sitinadziwe. Ayambe wanenepa kaye."

Kamafunso anayang'ana bambo. Anayang'ana amayi. Mtima wake unakhala pansi.

"Akapanda kubwera, tidzabwera ndife," anatero.

Amayi anamukhazika pamiyendo. Bambo anakoka mpando wina. Onse atatu anayang'ana kachifuwa ka khanda. Kankakwera, kankatsika. Kankakwera, kankatsika.

Tsiku lotuluka m'chipatala, adokotala anali asanalinene.