Magdalene Anasiya Adima

Mvula ya Januwale inali itasandutsa siteshoni ya mabasi ya ku Kanyama kukhala dziwe. Magdalene, mtsikana wa giredi 11, anaima pamwamba pa njerwa ziwiri, nsapato zili m'manja, akuyang'anitsitsa madziwo.

"Mufuna nsomba, sisi?" anafunsa mnyamata wina wovala yunifolomu ya sukulu ina.

"Nifuna kuziba. Ngalande ilipo, manje manzi yaimilila chabe. Chifukwa?"

"Iye! Kuseni-seni mafunso? Ndimwe ba injiniya?"

"Nizankala."

Mnyamatayo anali Moven, nayenso wa giredi 11. Pamene minibasi imene anakwera inkafika m'tauni, awiriwa anali atapatsana kale manambala a foni.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula yomweyo. "Ba injiniya banga, mwadya?" "Switi wanga, nikakuganiza, na choko inunkila bwino!" Magdalene ankawerenga, kuseka, n'kuwerenganso. Kodi munthu amawatola kuti mawu otere?

Koma panali chopinga. Kusukulu kwa Magdalene, masamu owonjezera, amene ana a sukulu amawatcha Adima, ankaphunzitsidwa Lachiwiri ndi Lachinayi masana, anzake onse ataweruka. Phunziroli ndi louma, ndipo silinyengerera munthu. Funso limodzi linkamudyera ola lathunthu, komabe m'mayeso a m'kalasi ankapeza 66 kapena 67.

"Siya chabe vija vintu, mutima wanga," anatero Moven tsiku lina akudya chimanga chootcha pamsika wa Soweto. "Ona mwamene wayondela!"

"Nanga ku yunivesite?"

"Bapenda masabujekiti sikisi yamene wapasa bwino, kwasila. Adima sibaifuna."

"Waziba bwanji?"

"Ninafunsa. Na ine ninasiya kudala. Nalumbila, tizangena pamozi, geti imozi!"

Mtsikana amene sankalola ngakhale ngalande kumudutsa osaifunsa, pankhani yaikulu chotere anafunsa munthu mmodzi yekha. Nthawi yolembetsa mayeso a giredi 12 itakwana, anasaina pepala lopanda Adima. Aphunzitsi ake a masamu, a Mwewa, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wafunsa kwa odziwa?"

"Nafunsa, ba ticha."

Chaka chimenecho masana anakoma. Anayenda, anajambulana zithunzi, anatchulana mayina a ana amene anali asanabadwe.

Zotsatira zitatuluka, Magdalene anali ndi mapoyinti 15, Moven 11. Paja m'mayesowa wochepa mapoyinti ndiye wakhoza. Patapita miyezi, dzina la Moven linatuluka pamndandanda wa otengedwa ku yunivesite. La Magdalene panalibe.

Misozi itauma, funso linatsala. Analakwitsa pati? Anabwerera kusukulu kukaonana ndi a Kalaba, mayi amene ankalangiza ophunzira za ntchito.

"Ba madamu, banikana chifukwa ninasiya Adima?"

"Iyayi, mwanangu. Palibe lamulo lokukakamiza kuilemba. Khala pansi tiwerengere limodzi." Anatenga pensulo. "Kumene unapempha malo, chaka chino atenga a mapoyinti 12 kutsika m'munsi. Phunziro lako lachisanu ndi chimodzi ndi jogalafe, ndipo unapeza 6. Ku Adima, ndi mamakisi ako aja, ukanatha kupeza 3. Chotsa 6, ika 3."

Magdalene anawerengera mumtima. Khumi ndi awiri!

"Ndiye Adima sibaifuna, koma..."

"Saifunsa pakhomo, koma imakusenzera katundu. Ndiponso masamu a chaka choyamba cha uinjiniya amayambira pomwe Adima yathera. Khomo silinatsekedwe. Ukhoza kuilemba ngati wolemba mayeso wa kunja kwa sukulu, n'kupemphanso malo."

Anatuluka mtima utapepukako. Moven sananame, anangodziwa theka la nkhani. Si choncho kodi? Analunjika kwawo kwa mnyamatayo kuti akamufotokozere.

Anapeza amayi ake a Moven akukazinga vitumbuwa pakhonde, nkhope ikuwala.

"Bwela, mwana wanga, uone!" Anapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa pepala la zotsatira m'pulasitiki. Magdalene anali asanalionepo, pakuti Moven ankangotchula mapoyinti. Maso ake anatsika mzere ndi mzere, kenaka anaima. Adima: 2.

"Iyi ndiye yamene inamuvuta maningi," anatero mayiwo monyadira. "Kuseni kulikonse, buku pamanja!"

Moven anatulukira pakhomo, ndipo atangoona pepalalo kumwetulira kunamuthera.

"Switi, nimvele..."

"Unakamba ati unasiya."

"Ise Adima yenze kuseni, siinanivalile ntawi. Iwe yako yenze muzuba. Nenze kufuna chabe tizionana. Nichikondi, Magi!"

Chikondi? Chimene chinadya masana a wina, chikusunga m'mawa wa mwini wake?

Magdalene anabweza pepala lija kwa mayiwo ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono, monga analeredwera. Kenaka anatembenukira kwa Moven, mawu ake ali phee.

"Niyanke chimozi chabe. Sembe ndine ninakupempa kuti usiye, sembe unasiya?"

Mafuta ankalira mumphika.

"Batate sembe bananipaya," anatero Moven.

"Ehe," anayankha Magdalene, misozi ikutsika osaipukuta. "Nanga ine nilibe batate?"