Batani Pakhosi pa Ababa

Panali mtsikana wina wokonda kufunsa. Onse ankangomutcha Mafunso. Funso ili, funso ilo, tsiku lonse!

Mafunso ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti abambo ake azimuyankha ndi mawu.

Abambo akewo anali telala. Posoka, ankaluma batani. Manja pa nsalu, batani pamilomo. Nanga akanayankha bwanji? Povomera, ankagwedeza mutu. Pokana, ankapukusa mutu.

Tsiku lina ankasoka malaya a sukulu. Mafunso anakhala pambali pa makina.

"Ababa, singano imatopa?"

Anapukusa mutu.

"Ababa, batani limakoma?"

Ababa anaseka. Poseka paja, batani lija lowu kukhosi!

Makina anaima. M'chipinda munangoti zii. Ababa anagwira pakhosi ndi manja onse awiri.

Mafunso anachita mantha kwambiri. Koma anakumbukira mawu a aphunzitsi ake: munthu akatsamwa, yamba wamufunsa.

"Ababa, mwatsamwa?"

Anagwedeza mutu.

"Mungathe kulankhula?"

Anapukusa mutu.

"Tsokomolani, ababa! Tsokomolani!"

Ababa anayesa, koma zinakanika. Mpweya sunkalowa. Mpweya sunkatuluka.

"Amayi, thamangani!" anakuwa Mafunso. "Ababa atsamwa!"

Amayi analowa ndi kapu ya madzi.

"Madzi ayi, amayi! Aweramitseni. Muwamenye pamsana, pakati pa mapewa."

Kenako anawayang'ana ababa m'maso.

"Ababa, musaope. Amayi akumenyani pamsana kuti batani lituluke. Mwamva?"

Anagwedeza mutu.

Amayi anawaweramitsa. Anamenya ndi chikhatho. Pha! Batani silinatuluke. Pha! Silinatulukebe. Pha!

Batani lija linatuluka. Linagubuduka mpaka pansi pa tebulo.

Ababa anakoka mpweya. Anatsokomola. Anakokanso mpweya wina. Apo m'pamene Mafunso anayamba kulira.

Onse atatu anapita kuchipatala. Adokotala anawaona ababa pakhosi. Anati ali bwino.

Atabwerako, amayi anaika kambale pambali pa makina.

"Mabatani malo ake ndi umu, abambo a Mafunso," anatero amayi. "Pakamwa si thumba ayi."

Ababa anathira mabatani onse m'kambalemo. Kenako anamunyamula Mafunso n'kumukhazika pamwendo.

"Ababa," anatero Mafunso, "paja simunandiyankhe. Batani limakoma?"

"Silikoma ngakhale pang'ono!" anayankha ababa. "Funsa lina, mwana wanga. Lero pakamwa panga palibe batani."