Kamtima Kobiriwira Paphewa

Mtsikana wosoka zovala analowa m'chipinda cha mafizo kuchipatala, momwe amawongola minofu, khosi litapendekeka ngati nkhuku yodwala. Kwa milungu itatu mutu unkamuwawa mbali imodzi, dzanja lamanja likuchita dzanzi, moti ulusi m'singano ankachita kumulowetsera achemwali ake. Telala wolephera kulowetsa ulusi ndi telala wanji?

"Khalani apa," anatero mnyamata wa mafizo, akutikita manja ake kuti afunde. "Mukumva kuwawa pati?"

"M'mutu, kuseri kwa disoli."

Mutuwo iye sanaukhudze n'komwe. Anayendetsa chala paphewa pang'onopang'ono, kenako anadina.

"Mayo ine!" Ululu unathamanga kuchoka paphewapo mpaka kuseri kwa diso.

"Ndi kameneka," anaseka mnyamatayo. "Mnofu wanu wamanga kamfundo. Mumawerama pamakina tsiku lonse, eti? Kamfundoka kamakhala apa, koma kamakavutitsa mutu."

Anatenga cholembera chobiriwira n'kulemba kamtanda pamalopo kuti asapataye. Kenako anadina ndi chala chachikulu osasuntha. "Pumani mokoka mpweya. Tiwerenge limodzi mpaka makumi atatu."

Pofika makumi awiri, ululu uja unayamba kusungunuka. Anamuika nsalu yofunda paphewa, anamuphunzitsa kuwongola khosi, n'kumupatsa kampira koti azidinira phewalo kukhoma. Mtsikanayo anatuluka mutu utapepuka, koma mtima ukugunda mwachilendo.

Lachinayi lililonse ankabwera. Ulendo wachitatu, "inu" uja anasanduka "iwe". Ulendo wachinayi anapatsidwa dzina.

"Kasingano wanga, taona pagalasi," anatero mnyamatayo.

Paphewa panalibenso mtanda. Panali kamtima kobiriwira, kokhala ndi kamchira pansi pake!

"Odwala onse ndimawalemba mtanda," anamunong'oneza. "Kamtima ndi ka iwe wekha."

Ndani akanapirira mawu otere? Mauthenga a pafoni anayamba kugwa ngati mvula. "Kasingano, wawongola khosi lero? Kakhumi mbali iyi, kakhumi mbali inayo, kenako undiganizire." Wina unkati: "Manja angawa agwira mapewa ambiri, koma mtima wanga wagwira munthu mmodzi."

Achemwali ake, amene ankasoka naye shopu imodzi, ankangopukusa mutu.

"Iwe mng'ono wanga, kusamba umasamba koma? Kamtima kakoka katha mlungu wathunthu kasanafufutike."

"Ndimapalambalala pamenepo," anayankha akuseka.

"Nanga bwanji munthuyo sabwera kudzationa?"

"Akuti kuntchito kwawo salola wa mafizo kukondana ndi wodwala. Tsiku limene adzanditulutse m'kaundula wa odwala, lomwelo abwera kunyumba. Analonjeza."

"Koma iwe unachira kalekale. Ulusi ukulowetsa wekha, kolala ukusoka wekha. Akukusungiranji m'kaundulamo?"

Kasingano anakwiya, n'kupondetsa makina mwamphamvu kuti asamve. Komabe funsolo linamutsalira mumtima. Atamufunsa Lachinayi lotsatira, mnyamatayo anayendetsa chala paphewa n'kunena kuti, "Pakadali kamfundo kakang'ono, wokondedwa. Usathamange." Anajambulanso kamtima katsopano, ndipo Kasingano anakhulupirira.

Mawa lake m'mawa, m'shopu munalowa mtsikana wansangala atanyamula chithunzi cha diresi laukwati.

"Asisi, andiuza kuti manja anu ndi odala. Ndikufuna ngati ili, lotsegula kumsana."

"Zikomo, tikuyezeni," anatero Kasingano, akuchotsa tepi m'khosi. Anapita naye kuseri kwa katani. Anayeza chifuwa, anayeza chiuno, achemwali ake akulemba manambala kunja kwa kataniko. "Tatsitsani pang'ono bulauziyi, ndiyeze phewa."

Mkwatibwiyo anatsitsa.

Tepi inagwa pansi. Paphewa lamanzere panali kamtima kobiriwira, kopendekera mbali imodzi, ndi kamchira komwe kaja pansi pake.

"Mwadabwa ndi kameneko?" mkwatibwiyo anaseka mwamanyazi. "Ndi chibwana cha amuna angawo. Ndi a mafizo. Ndimagwira ntchito ya pakompyuta, ndiye phewali limamanga timfundo. Tinadziwana choncho chaka chatha. Akuti odwala onse amawalemba mtanda, kamtima ndi ka ine ndekha."

"Phewa zingati?" anafunsa achemwali kunja kuja.

Mtima unamupweteka Kasingano kuposa tsiku lija anadinidwa koyamba. Akanatha kutola tepi, kumaliza kuyeza, n'kusoka diresilo misozi ikugwera pansalu. Koma anayang'ana nkhope ya mnzakeyo, yowala, yosadziwa kanthu, ndipo anamumvera chisoni ngati akudziona yekha pagalasi lija.

"Asisi, mwatani? Mukudwala?"

Kasingano anatembenuka, anamasula mabatani awiri, n'kutsitsa kolala yake.

Kenako anamva chala chozizira chikukhudza phewa lake.

"Kajambulidwa liti?" anafunsa mkwatibwiyo.

"Dzulo."

"Kanga ndi ka dzana."

Anakhala pansi onse awiri, pakati pa zidutswa za nsalu, n'kulira limodzi ngati pachibale. Achemwali anasuzumira, anaona mapewa awiriwo, ndipo sanatchule zoti anachenjezapo. Anangobweretsa beseni la madzi ofunda ndi sopo. Foni ya Kasingano inalira patebulo: "Kasingano wanga, wawongola khosi?" Mkwatibwiyo anawerenga yekha uthengawo, kenako anavula mphete n'kuikulunga m'chithunzi cha diresi chija.

Patatha milungu iwiri mutu unayambanso, pakuti chisoni nachonso chimaumitsa mapewa. Kasingano anapita kuchipatala china, kumene anapeza mayi wachikulire wa mafizo wosachulutsa nkhani. Mayiwo anafufuza ndi chala, anapeza kamfundo, n'kulembapo mtanda ndi cholembera chakuda.

"Maulendo atatu okha, mwanawe, ndipo ukakweze mpando wa makinawo. Sindikufuna kudzakuonanso kuno."

Anadina. Misozi inayamba kutsika.

"Ndikukupweteka? Ndileke?"

"Ayi mayi, dinani ndithu," anatero Kasingano. "Ndiwerenga ndekha."