Chikepe Chonyamula Mmodzi

Okonda kukometsa nkhani aiika kale nyanga ndi mchira, koma mmene zinachitikira ndi mmene zikunenedwera muno. Amene anaona ndi maso ndi awiri: Telala mwini wake, ndi Aphunzitsi, munthu woti ngakhale nthabwala amayamba waiyeza kaye ngati ili yoona. Onse awiri ali moyo, ndipo mukawafunsa payekhapayekha mawu awo sasemphana.

Telala ndi mwamuna wake ankagwira ntchito m'chipinda chimodzi chogawa pakati ndi nsalu. Kutsogolo kunali kometera: mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi, ndi tivi yopachika kukhoma yokhala ndi makina a gemu pansi pake. Kuseri kwa nsaluyo n'kumene kunali makina osokera a mayiyo. Mwamunayo aliyense ankamutcha Lumo, moti dzina lake lenileni ngakhale apongozi ake anali ataliiwala.

Loweruka masana kometerako kunali ndi mwambo wake. Wokhala pampando ankayenera kunena gemu imene wasewera sabata imeneyo ndi mmene waionera, ndipo bodza silinkaloledwa poti lumo lili pakhosi. Telala sankasewera, koma magemu onse ankawadziwa ndi makutu, monga woyandikana ndi tchalitchi amadziwira nyimbo.

"Ine ndalowerera m'gemu yolima," anatero Wamagetsi Loweruka lina, thovu lili mbuu m'masaya. "Ng'ombe ndili nazo, kabichi ndili naye, zonse pafoni."

"Inu amene munathawa khasu kwanu?" anatero Aphunzitsi ali pabenchi. "Kabichi ameneyo akakhwima mutigawireko."

"Nanga inu mpira wanu uja? Goloboyi akugwirabe mphepo?"

"Musandikumbutse. Gemu imeneyo ili ndi kaduka. Ukangotsogola, osewera ako amayamba kuthamanga ngati avala nsapato zobwereka."

Anthu anaseka. Lumo ndiye ankanena pomalizira, akamasesa tsitsi, ndipo kale nkhani yake ndi imene inkakoma kuposa zonse chifukwa ankachita kutsanzira ndi manja omwe. Koma masiku amenewo akafunsidwa ankangoti, "Yomwe ija," maso ali pa tsache.

Yomwe ija inali gemu ya mumgodi. Anthu awiri atsekeredwa pansi pa nthaka, madzi akukwera, ndipo akufunafuna potulukira ndi tochi imodzi. Mnzako akagwa umagwada pambali pake n'kukanikiza batani, iye n'kudzuka, koma theka la moyo wako limapita kwa iye. Kamzere kofiira kosonyeza moyo kamafupika uku ukuona. Lumo ankasewera gemu imeneyi ndi mlamu wake Dalaivala, mlongo wake wamng'ono wa Telala, amene Telalayo anamulera yekha mayi awo atamwalira. Alamu awiriwa ankatukwanizana ngati adani, kudyera mbale imodzi ngati mapasa, ndipo anapangana kuti gemu ya mumgodi palibe woisewera mnzake kulibe.

Tsiku lomaliza, munthu wa Dalaivala m'gemumo anagweredwa ndi miyala, ndipo nthawi yomweyo foni inalira yomuitana kuti akanyamuke ndi lole. Anaponya pabenchi padi yake, kaja kamabatani kogwira m'manja.

"Alamu, musandisiye pansi apa. Ndikabwera mudzandidzutse."

"Gonani pomwepo muphunzire ulemu," anatero Lumo akuseka.

Lole ija inakokoloka pamlatho mvula itagwa yosalekeza. Thupi analipeza patapita masiku, m'matope, kutali ndi msewu. Maliro atatha, Telala anakulunga padi ya mlongo wake m'kansalu kotsala n'kuiika m'kabati ya ulusi, kuti asamaione. Analira mpaka misozi inauma, kenako anabwerera pa makina ake, poti madiresi a eni sadikira wamasiye.

Lumo ndiye sanalire pagulu. Anangoyamba kutsalira akatseka kometera. Kenako anayamba kuwonda. Lamba anabooledwa bowo lina, kenako linanso. Manja aja amene ankameta mwana wolira osamucheka anayamba kunjenjemera, mpaka tsiku lina anatema Wamagetsi khutu. Kuchipatala anamuyeza magazi, anamuyeza chifuwa, n'kumuuza kuti azidya bwino. Telala ankaphika, mwamuna ankadya, koma chakudyacho chinkangokhala ngati chikupita kwa munthu wina.

Loweruka limenelo Aphunzitsi sanafune kuti yankho lija lingodutsa.

"Yomwe ija imafuna anthu awiri, a Lumo. Mukusewera ndi ndani?"

Tsache linaima.

"Amayenda yekha."

"Ndani?"

"Mlamu. Ndikamudzutsa amayenda. Timayenda pang'ono, amagwanso, ndiye ndimamudzutsanso. Tatsala pang'ono kutuluka."

Palibe anaseka. Wamagetsi anakumbukira mwadzidzidzi ntchito imene anaisiya, ndipo ena anamutsatira mmodzimmodzi. Kuseri kwa nsalu, phazi la Telala linali litaima pa chopondera. Anatsegula kabati ya ulusi. Padi inali momwemo, yokulungidwa monga anaisiyira. Koma kansaluko kanali konyowa, ndipo kankanunkha matope a mumtsinje.

Aphunzitsi analowa kuseriko ngati ofuna kusoketsa batani la malaya, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, gemu imeneyi ine ndinaimaliza kalekale ndi mwana wanga. Ndi gemu yoipa mtima. Kumapeto kwake kuli chikepe chokwera kumtunda, koma chimanyamula munthu mmodzi. Winayo amatsala, madzi n'kudzaza."

"Abambowa akudziwa?"

"Ndinawauza sabata yatha."

"Anati chiyani?"

"Anati, ndiye akwere mlamu."

Telala anali ataika kale m'manda munthu mmodzi wa mtima wake, ndipo tsopano ankaona wachiwiri akudzikumbira yekha ndi zala ziwiri. Madzulo amenewo, Lumo akutseka mawindo, anamugwira mkono. Unali wopepuka ngati wa mwana.

"Abambo, chisiyeni chinthuchi. Ndakugwirani mwendo."

"Ndinamuuza kuti agone pomwepo aphunzire ulemu. Mawu omaliza amene anamva kwa ine ndi amenewo."

"Zinali zachilamu. Iyenso ankaseka."

"Akuitana, mayi. Inu simukumumva?"

Telala anatenga sizasi yake yaikulu yodulira nsalu, n'kudula chingwe cha magetsi cha makina a gemu, pulagi n'kuiponya m'chikwama chake. Lumo sanakalipe. Anangomuyang'ana mwachisoni, monga umayang'anira munthu wotseka chitseko mphepo italowa kale.

Lolemba mvula inayamba masana. Pofika chisisira magetsi anali atazima msewu wonse. Ali kunyumba, Lumo anati waiwala kutseka windo la kometera, anatenga ambulera n'kutuluka. Chakudya chinapsa, chinazizira. Telala anavala juzi n'kukagogoda kwa Aphunzitsi, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yawo. Sanafotokoze zambiri. Aphunzitsi atangoona nkhope yake anatenga tochi.

Mashopu onse anali bii. Achule ankalira m'ngalande, mvula ikuwaza pa malata. Koma pansi pa chitseko cha kometera pankatuluka kuwala kobiriwira.

"Magetsi abwera?" ananong'ona Telala.

"Ayi, mayi."

Atakankha chitseko, achule onse analeka kulira.

Fungo ndi limene linayamba kuwalandira. Matope, ndi mafuta a lole. Pansi panali madzi ofika mu akakolo, ozizira ngati a m'chitsime, tsitsi la anthu likuyandama pamwamba. Denga silinkadontha. Koma penapake m'chipindamo madzi ankamveka akudontha. Tho. Tho. Tho.

Tivi inali yoyaka. Chingwe chodulidwa chija chinkalendewera kukhoma.

Lumo anali pampando wometera, mutu utapendekera paphewa, padi ili pamiyendo. Telala anamugwira tsaya. Linali lozizira. Mpweya unkatuluka, koma wochepa.

Pa tivi panali chikepe chachitsulo, chitseko chake chili chotsegula. Munthu wa Lumo anali chiimire, madzi m'mawondo. Wa Dalaivala anali chigonere pakhomo penipeni pa chikepecho. Kamzere kofiira ka woimayo kanali katatsala ngati ulusi.

Ndiye mawu anamveka. Sanali mawu a gemu, aja achilendo amene Telala anawazolowera kuseri kwa nsalu.

"Alamu. Ndidzutseni."

Aphunzitsi anagwetsa tochi m'madzi.

Chala cha Lumo chinayamba kusuntha. Maso ali otseka, thupi lili lefu, koma chala chokhacho chikukwawira ku batani. Telala anagwira padi n'kukoka. Zala za mwamuna wake zinali zitauma. Anazitanyula chimodzichimodzi.

Padi ili m'manja mwake, kudontha kuja kunaleka.

Kunali zii.

"Achemwali."

Mawu aja tsopano ankaitana Telala.

"Achemwali, ndi inu? Kuno kukuzizira."

"Mayi," ananong'ona Aphunzitsi. "Kamtengo kakumanzere pa padipo. Kankhirani kutsogolo, woimayo alowe m'chikepe. Batanilo musalikhudze."

"Ndi mlongo wanga."

"Mukamudzutsa, amuna anu apita."

Madzi a pa tivi anafika m'chiuno mwa woimayo. Wogonayo anatukula dzanja.

"Achemwali, miyendo yakana. Ndiberekeni."

Umo ndi mmene ankanenera ali kamwana, akatopa panjira yochokera kusukulu, ndipo Telala, iyenso ali kamtsikana, ankagwada n'kumuponya kumsana. Sanamukanepo ndi tsiku limodzi lomwe. Batani linali pansi pa chala chake. Linali lofunda.

Anayang'ana mwamuna wake. Milomo inali itayamba kuda.

Anakankha kamtengo kaja.

Sanasewerepo gemu chibadwire, ndiye munthu wa pa tiviyo anayenda mokhotakhota, anagunda khoma, anabwerera. Kenako analumpha wogona uja. Analowa. Chitseko chachitsulo chinatsekeka. Chikepe chinayamba kukwera.

"Achemwali?"

Telala anatseka maso, koma makutu alibe zikope.

"Achemwali, ndi ine."

Mawuwo ankamveka pansi, akucheperachepera.

"Achemwa..."

Kenako madzi okhaokha.

Tivi inayera mbee, n'kuzima. Mumdimamo achule anayambanso kulira, ndipo Lumo anakoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'dziwe. Anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mawu, anagwira dzanja la mkazi wake.

"Wakwera?"

Aphunzitsi akuti nthawi imene inapita mayiyo asanayankhe sadzaiiwala.

"Wakwera, abambo. Watuluka."

Lumo analira, kulira kumene sanalire pamaliro, kwinaku akuseka ndi kuthokoza. Awiriwo anamunyamula mpaka kunyumba, ndipo anagona mpaka dzuwa linafika pamutu. M'mawa mwake Telala atapita kukakolopa, anapeza pansi pali pouma gwa, tsitsi litasonkhana pakona ngati wina wasesa. Makina a gemu sanayakenso, ngakhale Wamagetsi anawaika chingwe china n'kuwatsegula m'kati.

Lumo anachira. Masaya anabwerera, manja anakhazikika, ndipo mwambo wa Loweruka unayambiranso pa makina ena. Tsopano amasewera mpira ndi mipikisano ya magalimoto, n'kumatsanzira ndi manja ngati kale. Mlendo akatchula gemu ya mumgodi, Lumo amawala nkhope.

"Imeneyo ndi gemu, achimwene. Yovuta, koma imatha bwino. Ine mlamu wanga ndinamutulutsa."

Aphunzitsi akamva zimenezi amayang'ana pansi, ndipo kuseri kwa nsalu makina osokera amathamanga kwambiri.

Telala sanamuuze mwamuna wake mpaka lero, ndipo akuti sadzamuuza. Anasankha, ndipo akuti atabwereranso pakhomo pa chikepe chija angasankhe chomwecho, koma zimenezo sizimugonetsa tulo. Chichokere tsiku lija amayenda chowerama pang'ono, ngakhale akadali mayi wanthete. Nthawi zina, akamasoka, amapezeka akugwedeza msana pang'onopang'ono osadziwa. Ndipo mvula ikamagwa, diresi lake limanyowa kumbuyo, pakati pa mapewa, ndi timadontho tiwiri kutsogolo kwa khosi, ngakhale akhale tsiku lonse m'nyumba osatuluka.

Lumo atafunsa, mkazi wake anamuuza kuti denga likudontha pamwamba pa makina osokera. Munthu wachikondiyo wakwera padengapo kangapo konse ndi phula ndi misomali. Bowo sanalipeze.