Batani Lofufutira Abale

Digiri ya makompyuta anali nayo, yoikidwa bwino mu felemu, koma nsapato zake zinali zitayasamula ngati zikufuna kupempha chakudya. Zaka ziwiri chimalizireni sukulu, mnyamatayu ankagonabe pabalaza kwa mlongo wake, pampando umene masana pamakhala alendo. Anthu ankamutcha Injiniya, ndipo sikunali kumulemekeza.

"Alamu," ankatero mwamuna wa mlongo wakeyo akusamba m'manja, "digiri ija siingaphikidwe? Tingoithira mchere."

Kulikonse kumene ankafunsira ntchito yankho linali limodzi: tikufuna munthu amene wagwirapo zaka zitatu. Nanga zaka zitatuzo akazitola kuti popanda womulemba? Chomwe chinkamudya mtima kwambiri ndi mnzake wa m'kalasi, amene ankaonera mayeso kwa iye. Tsopano ankadutsa pagalimoto, khadi la kampani lili lendee pakhosi, n'kumangokweza dzanja osatsitsa galasi.

Loweruka lina masana Injiniya analowa kanjira ka kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, kwa sing'anga wina wosavala zikopa kapena mikanda. Ameneyu ankavala jekete, ndipo patebulo pake, pakati pa mabotolo, panali mulu wa makiyibodi akale.

"Khala pansi, wophunzira," anatero sing'angayo asanalonjeredwe. "Ukufuna mapulogalamu ako aziyenda osapunthwa, mabwana azikulimbirana."

"Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Nsapato zako zandiuza. Vuto lako ndi limodzi, mwadzaza anthu m'moyo mwako, chuma chikusowa pokhala. Inu a makompyuta, malo akatha mumatani?"

"Timafufuta zina."

"Basi, wadziyankha wekha."

Anasolola kiyibodi imodzi. Batani lake lofufutira linali lopakidwa zakuda, zonunkha ngati nthenga zowauka.

"Ntchito iliyonse yaikulu usanaipereke, ulembe dzina lonse la munthu amene amakukonda, kenako udine apa."

"Ndiye amwalira?"

"Ndikuoneka wakupha ine? Adzadya, adzaseka, adzanenepa. Kungoti mwini dzinalo sadzakudziwanso iweyo." Sing'angayo anamwetulira osaonetsa mano. "Koma umvetse. Dzina lolembedwa apa n'kufufutidwa lapita basi. Kiyibodi imeneyi sidziwa zoyesera."

Injiniya anaseka ali m'njira, kiyibodi ija ili m'manja. Kuiwalidwa chabe? Anthu ena amachita kupempherera zimenezo.

Anayamba ndi amalume ake a kutali, ndipo sabata isanathe anamuitana ku kampani ina ya nyumba zagalasi. Pulogalamu imene inasautsa anyamata asanu kwa miyezi isanu ndi umodzi, iye anaiwongola masiku atatu. Anamupatsa mpando wozungulira, khadi lapakhosi ndi khofi waulere. Kenako anafufuta mphunzitsi amene anamuphunzitsa masamu, kenako mnzake amene ankamubwereka laputopu. Galimoto inabwera, nyumba ya mpanda inabwera.

Tsiku lina anafuna kuchenjera, nalemba dzina la woonera mayeso uja, munthu wosamukonda n'komwe. Pulogalamu inagwa pamaso pa makasitomala, sikirini yonse psuu ndi zilembo zofiira. Mwamsanga analemba dzina la alamu ake achipongwe aja, ndipo zonse zinayera. Apo m'pamene anadziwa kuti bambo uja, ndi mchere wake womwe, ankamukonda. Kenako anakamwa khofi.

Ntchito zinkakula, mayina ankachepa. Atafufuta mlongo wake, anapita kukamuona atanyamula firiji yatsopano. Mlongoyo anatsegula chitseko pang'ono, unyolo osachotsa.

"Mukufuna ndani, bambo? Ife sitinaitanitse katundu."

"Achemwali, ndine amene!"

"Amene ndani? Chokani ndisanakuwe."

Kumbuyo kwake anauona mpando uja ankagonapo. Anali atauphimba nsalu yatsopano.

Anatsala amayi ake okha, ndipo kunabwera ntchito yoposa zonse, pulogalamu yolembera antchito a kampani yaikulu. Masiku anayi analimbana nayo ndi mutu wake weniweni, zilembo zofiira zikungobalana. Lachisanu analemba dzina la amayi ake, nadina. Zofiira zonse zinazima. Anathamangira pakhonde n'kuimba foni.

"Amayi?"

"Halo? Mwalakwitsa nambala, bambo. Ine mwana wamwamuna ndilibe." Mawu awo anali aulemu, opanda chisoni chilichonse.

Lolemba m'mawa makasitomala ankabwera kudzaona ntchitoyo. Tsono anthu a mapulogalamu ali ndi kachizolowezi kawo: akamanga fomu, amaiyesa kaye polembapo dzina lililonse, ndipo dzina lofulumira kubwera m'zala ndi lako lomwe. Injiniya ankachita zimenezi kuyambira chaka choyamba kusukulu. M'mawa umenewo, mutu uli kwa amayi ake, zala zinalemba zokha dzina lake lonse, fomu n'kulandira bwinobwino.

Bwana wake anasuzumira pakhomo. "Chotsa zoyeserazo, mfana, alendo ali pamasitepe."

Chala chinapita chokha pabatani lakuda lija.

Alendo atalowa anapeza munthu wavala suti, akuyang'anitsitsa khadi lapakhosi pake.

"Pepani," anawafunsa mwaulemu, "uyu ali pachithunzi apa ndi ndani? Wandisiyira khadi lake."

Anzake anamuuza dzina lake kambirimbiri, koma linkangotsetsereka ngati madzi pamsana pa bakha. Dzina limagwira likatchulidwa ndi amene anakusambitsa uli khanda. Ofesi inaimbira mlongo wake, amene analembedwa m'mafailo ngati wachibale. Iye anati munthu wotero sakumudziwa.

Lero mukamupeza pakona pa malo owotcherera zitsulo, wakhala pansi, akudina katoni ndi zala khumi, liwiro lake lomwe lija. Aliyense wodutsa amamufunsa dzina, akauzidwa amalilemba pakatonipo, kenako amadina pakona pa katoniyo ngati akufufuta. Tsiku lina panadutsa mayi wina wachikulire ndi mwana wake wamkazi. Mayiyo anaima, namuikira buledi pamwendo.

"Kalanga ine," anatero, "mnyamata wabwinobwino chonchi. Kodi alibe amake?"

Sing'anga uja anatuluka, kiyibodi ili m'khwapa, akuperekeza mtsikana wina wonyamula digiri ya mu felemu.

Dyera ndi lotero, abale anga. Chuma chimene chikukuuza kuti uchotse anthu kuti icho chikhale, sichikhuta mpaka chitakuchotsa iwe mwini. Kuli bwino nsapato zoyasamula uli ndi wokuseka pakhomo, kusiyana ndi suti yopanda wokuitana dzina.