Njinga Inatha ndi Sampo

Tiwonge anakhala pa siteshoni ya Katete atagwa mphwayi, kabureta yakale ili m'chitenje pamiyendo pake. Kuyambira m'mawa anali atazungulira mashopu onse a masipeya, ndipo kulikonse yankho linali limodzi: "Izi zinatha kale, sisita. Mukafuna kuitanitsa kunja, mugulitse kaye ng'ombe."

Ng'ombe akanaitenga kuti mwana wamasiye?

"Pepani sisita, tione kachitsulo ako."

Anatukula maso. Patsogolo pake panaima mnyamata wamtali, ovolosi yothimbirira ndi oyilo, koma mano oyera mbee. Analandira kabureta ija ndi manja awiri ngati khanda.

"Mayo ine! Iyi ni orijino! Mwaitenga kuti?"

"Ndi ya njinga yamoto ya malemu bambo anga. Anali alangizi a zaulimi kwathu, kupitirira Mkaika."

"Ine ndine Limbani, makanika. Galaji yathu ili kuseri kwa msika. Njinga zakale ndiwo matenda anga."

Kaya ndi kutopa, kaya ndi mano aja, Tiwonge anangoyamba kukhuthula zonse. Maliro a bambo ake atatha, achibale anatenga ng'ombe, ngolo ndi pulawo. Chinatsala ndi njinga yakufayo basi, poti palibe anaifuna. Tsopano abambo ake aang'ono, a Jonas, anali atalamula: "Ikapanda kulira pofika tsiku la Kulamba, mwambo waukulu wa ku Mkaika uja, ndikuitanira a sikirapu adzaiike pa sikelo." Kwa a Jonas chinali chidzimbiri chodzaza chipinda. Kwa Tiwonge ndi pokhapo pamene panatsala fungo la bambo ake.

Limbani anaika dzanja pachifuwa.

"Ilira imeneyo. Ikapanda kulira, mudzanditchule galu."

Lamlungu lotsatira anatulukiradi kumudzi. Anaizungulira njinga ija akuimba mluzu, kuisisita thanki, kugwada n'kuisuzumira kunsi. Kunena zoona, tsiku limenelo njinga inayang'anidwa kwambiri kuposa mwini wake, koma mtsikana amene wayamba kukonda saona zotere.

"Ya mtundu uwu, yathunthu chonchi, ku Eastern konse kuno kulibe," anatero Limbani. Kenako anatembenuka n'kutsitsa mawu. "Ngakhalenso maso ngati anuwa kulibe."

Tiwonge anayang'ana pansi, chala chikukumba dothi.

Pasanapite nthawi "inu" anasanduka "iwe", ndipo foni ya Tiwonge sinapumenso.

"Wadzuka bwanji, duwa langa la ku Mkaika? Ndiwe sipaki pulagi yanga, popanda iwe mtima wanga sulira!"

Tiwonge ankaseka yekha m'munda, mtedza uli m'manja, mpaka amayi ake kumuyang'ana cham'mbali. Komatu sanali wopusa. Anzake anali atamuchenjeza kuti anyamata a m'tauni amayamba ndi "swithi", n'kumalizira ndi "nditumizireko kangachepe". Choncho chikwama chake anachigwira zolimba, kudikira tsiku limene Limbani adzapemphe. Koma mnyamatayo sanapemphe ngakhale ngwee! M'malo mwake ankabwera ndi shuga ndi mabanzi a amayi. Mwamuna wotere ungamukayikire pati?

Tsono aliyense amene anakonzetsapo njinga kapena chigayo amadziwa kuti sipeya yakale saigula ndi dzina. Umamasula yakufayo, kuinyamula mpaka kushopu, n'kukaiyerekeza ndi maso. Imeneyo amati sampo. Ndiye Limbani atatenga kabureta ija kuti akaonetse munthu wake ku Chipata, palibe anadabwa.

Sabata ina anamasula magineto.

"Kuli mdala wina ku Vubwi amawoloka ku Mozambiki. Kumeneko zakale zikadalipo."

Kenako nyali. Kenako wotchi yoonetsa liwiro. Kenako mbali ina ya injini. Tsiku limene anamasula thanki, a Jonas anaima pakhomo manja ali kumbuyo.

"Iwe Tiwonge, makanika wakoyu akukonza njinga kapena akusosola nkhuku?"

"Ndi sampo, abambo."

"Thanki nalonso sampo? Chabwino. Ine changa ndi tsiku lija."

Madzulo amenewo amayi ake anamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimene zinapita zija, chabwerako n'chiyani?"

Funso limenelo linamulasa. Analembera Limbani uthenga: "Limba, Kulamba kwayandikira. Masipeya ali kuti? Ndili ndi mantha."

Yankho linabwera msangamsanga.

"Dola yakwera, swithi, masipeya adula koopsa. Koma usataye mtima. Tsiku la Kulamba ndidzakukweza pa njinga ya adadi ako, Mkaika yense aone. Mawa lake ankhoswe anga adzagogoda pakhomo panu. Ndalumbira!"

Ankhoswe! Tiwonge anaika foni pachifuwa, mantha onse n'kusungunuka. Ha, chikondi ichi! Munthu amaona dzenje ndi maso ake, koma n'kupondamo akumwetulira.

Mwezi wa Ogasiti unafika ndi mphepo yake ya fumbi. Ng'oma zinayamba kumveka m'midzi, alendo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambiki anayamba kudzaza misewu. Mauthenga a Limbani anafupika: "Bize, swithi." Kenako anangoti zii. Kuimba foni, yozimitsa.

M'mawa wa tsiku la Kulamba, galimoto zonse zikulowera ku Mkaika, Tiwonge yekha ankalowera kwina. Pa galaji anapeza Humphrey, mnzake wa Limbani, ali pansi pa minibasi.

"A Humphrey, Limbani ali kuti?"

Humphrey anatuluka, n'kuyamba kupukuta manja amene sankatha kuyera. Maso ake sanafune kukumana ndi a Tiwonge.

"Sisita, ine nkhani za anthu sinilowako."

"Chonde, achimwene. Lero ndi tsiku lomaliza. Akapanda kubwera, njinga ya bambo anga ipita!"

Humphrey anapuma mozama.

"Kwerani minibasi ya ku Sinda. Mukafunse kwa a Daka, olima thonje. Koma musakanitchule."

Njira yonse Tiwonge ankangodzifunsa. Mwina Limbani wapeza masipeya kumeneko? Mwina akufuna kumudzidzimutsa? Nanga Humphrey amabisiranji nkhope?

Kwa a Daka sanavutike kufunsa, nthungululu zinamulondolera. Pabwalo panali tenti, amayi a mumpingo akuimba, mbale zikuyendayenda. Kutsogolo, pa mipando iwiri yokutidwa ndi nsalu zoyera, panakhala mtsikana wokongola ndi mnyamata, atavala chitenje chofanana.

Mnyamatayo anali Limbani. Chinali chinkhoswe!

Tiwonge anagwira chingwe cha tenti, maso ali pa Limbani. Apo n'kuti bambo wachikulire wa imvi, a Daka eni ake, ataimirira pafupi ndi chinthu chofundikidwa ndi lona.

"Abale, njinga yanga iyi inafa kalekale. Amakanika onse anandiuza kuti masipeya ake mtengo wake ndi wa nyumba. Mnyamatayu atabwera kudzapempha mwana wanga Loveness, ndinati, 'Ine ng'ombe ndili nazo. Ukafuna mwana wanga, undidzutsire njinga.' Ndiye mwana wochenjerayu anakapeza sikirapu ina cha ku Mkaika, eni ake analibe nayo ntchito. Taonani!"

Anavundukula lona. Thanki lofiira lija, nyali ija, wotchi ija, zonse zili phuliphuli. A Daka anaponda kamodzi kokha, injini n'kubangula. Anthu anakuwa ndi chimwemwe.

Tiwonge analira. Kulira kwa injiniyo ndi kumene ankathamangira ali mwana, bambo ake akamachokera kuminda ya anthu. Anakufunafuna miyezi yonseyi, ndipo lero anakumva pa chinkhoswe cha bwenzi lake ndi mkazi wina.

Sanadziwe kuti wayenda bwanji, anangopezeka ali pakati pa bwalo. A Daka anazimitsa injini.

"Mwana wanga, ndiwe wa kuchimuna kapena wa kuchikazi?"

"Ndine wa kusikirapu, abambo."

Limbani anadzuka, nkhope itatuwa.

"Tiwo, tiye tikakambirane pambali."

"Tiwo?" anafunsa Loveness. "Ameneyu ndani, Limbani?"

Tiwonge anatsegula foni n'kumupatsa. Loveness anawerenga mauthenga aja mpaka anafika pa ankhoswe aja. Anavula mphete n'kuiika pa mpando mwakachetechete.

"Thanki ilo ndi la malemu bambo anga," anatero Tiwonge. "Nyali iyo, kabureta iyo, magineto. Anatenga ngati sampo."

"Masipeya anadula, nonse mukudziwa!" anakuwa Limbani. "Ndikanatani ine? Ndikanawapeza kuti?"

"Ukanandipempha, Limbani. Mwina ndikanakana, mwina ndikanalola. Zitsulozo ndamva, unkazifuna. Nanga mtima wangawu unaumasuliranji? Unkafuna ukauike pa njinga iti?"

A Daka anayang'ana njinga yawo nthawi yaitali, ndipo aliyense anaona kuti zikuwapweteka. Kenako analoza bokosi la zitsulo.

"Tenga sipanala. Masula chilichonse chimene si changa. Pompano, anthu akuona."

Ndipo Limbani anagwadadi, malaya a chinkhoswe ali m'thupi, n'kumasula chimodzichimodzi, oyilo akudontha pa chitenje chija. Palibe anaimbanso nyimbo. Loveness yekha ndi amene anabweretsa thumba la feteleza, n'kugwirizira kukamwa kwake pamene Tiwonge ankalongedza. Atsikana onse awiriwo misozi inali mbwembwembwe.

M'minibasi Tiwonge analikumbatira thumba lija ngati mwana wodwala. Mwamuna wapita, inde, koma njinga yabwerera. Akagwada pamaso pa a Jonas, akaonetsa zitsulozi, akapempha sabata imodzi yokha. Humphrey sangakane kuzimanga. Ndani angakane ataona zonse zili pamodzi?

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka, anthu akubwerera kuchokera ku Mkaika, fumbi lili koboo. Anathamanga ndi thumba pamutu mpaka pakhomo.

Chitseko cha chipinda chija chinali chotsekula. M'kati munalibe kanthu. Pansi panangotsala banga lakuda la oyilo.

"Abambo! Njinga ili kuti?"

A Jonas anali pansi pa mtengo wa mango, akusenda nzimbe.

"Tsiku ndi lero, mwana wanga, ndipo sinalire. A sikirapu adutsa masana ano. Akuti inalibe n'kulemera komwe, mafupa okhaokha."

Tiwonge anatsitsa thumba pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pambali pa banga lija. Amayi ake anafika pakhomo akupukuta manja, osadziwa kuti ayambire pati.

"Wazipeza, mwana wanga?"

Tiwonge anatulutsa thanki lofiira, n'kuliika pamiyendo.

"Ndazipeza, amayi. Zonse ndazipeza."