Pointi Imene Darae Anaba

Kunyumba kwa a Pyo, kumtunda kwa doko la Tongyeong, munthu sankagwira supuni asanayamike Mulungu. A Pyo ankakonza mainjini a maboti a asodzi, ndipo kutchalitchi anali mkulu wa mpingo. Akazi awo ankaimba kwaya. Mwana anali mmodzi yekha, Darae, mtsikana wa kusekondale, wamanyazi koma wakuthwa pa masamu.

Darae ankakonda volebo koopsa, koma msinkhu unamumana. Atayesa kulowa timu ya pasukulu, kochi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ukonde sungaufikire, mwana iwe. Koma ndamva kuti masamu suphonya. Uzikhala pathebulo, uziwerenga mapointi."

Ntchito yake inali kukhala pambali pa bwalo n'kumatembenuza makadi a manambala pabolodi, woyimbira akaloza timu imene yapeza pointi. Atakafotokoza kunyumba nkhope ili yakugwa, bambo ake anaika pansi mbale ya msuzi.

"Usaidelere ntchitoyo," anatero a Pyo. "Holo yonse maso amakhala pa mpira, manambala amakusiyira iwe. Munthu amene palibe akumulondera ndiye ayenera kuopa Mulungu kuposa onse."

Kaputeni wa timu anali Serin, mtsikana wamtali wa kalasi yomaliza, amene ana onse ankamuweramira akamadutsa. Tsiku lina masewero okonzekera atatha, Serin anaima pathebulo paja.

"Kamfupi, tiye nafe."

Mtima wa Darae unadumpha ndi chimwemwe. Anapita nawo ku kachipinda kolipira koimbiramo nyimbo. Chitseko chitangotsekedwa, Serin anatulutsa zitini za mowa m'chikwama.

"Achemwali, kwathu sitimwa," anatero Darae.

"Kwanu ndi kuno? Imwa, iwe! Kapena ukufuna ubwerere kokakhala wekhawekha ngati mphaka wa padoko?"

Atsikana anaseka. Darae anamwa. Mowa unamuwawa pakhosi, koma kuwomba m'manja kwa anzake kunamukomera. Sanalabadire pamene Serin ankamujambula pafoni, chitini chili pakamwa.

Sipanatenge nthawi, Serin anabwera ndi pempho. Anali ndi masewero apaubale ndi sukulu ina.

"Ukaona anthu akukangana ndi woyimbira, utembenuze khadi lathu. Limodzi lokha. Ndiwe wa timu kapena si ndiwe wa timu?"

Darae anatembenuza. Palibe anaona. Timu inapambana, ndipo Serin anamuveka jekete lake la timu pamaso pa onse. Ulendo wachiwiri sizinamuvute kwambiri.

Koma mayi sabisidwa kanthu. Madzulo ena Darae akuvula nsapato pakhomo, amayi ake anamugwira pamapewa.

"Pakamwa pako pakununkha chiyani? Nanga kwaya ukujombanji? Ndipo jekete ili ndi la yani?"

"Tinali kokonzekera masewero, Amayi. Anzanga andibwereka."

"Anzako amene sabwera kudzatipatsa moni? Darae, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiyang'ane. Ngati pali chimene wachita, nena lero kudakali kotheka kuchikonza."

Koma Darae anangolowa kuchipinda kwake osaulula. Kuyambira tsikulo mantha anamanga nyumba mumtima mwake. Bambo ake akamapemphera pachakudya, iye ankatsegula maso kuona ngati akumuyang'ana.

Kenaka unafika mpikisano wa masukulu a m'boma lonse, ndipo unachitikira m'holo ya pasukulu pawo. Timu ya alendo inali ndi Okju, mnzake wa Darae kuyambira ku Sande sukulu, amene ankaima naye limodzi mukwaya. Okju ankadziwika ndi kudziponya pansi kupulumutsa mpira umene ena onse autaya kale.

Masewero asanayambe, Darae anapeza Serin m'chipinda chosinthira zovala.

"Achemwali, lero ayi. Chonde. Ndasiya."

Serin sanakalipe. Anangotulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chija.

"Ine kusukulu ya ukachenjede andilandira pokhapokha titapambana lero. Tikagonja iwe utangokhala phee, Lamulungu lisanafike chithunzichi chikhala m'foni ya aliyense wa kutchalitchi kwanu. Mwana wa mkulu wa mpingo! Sankha."

Darae anakakhala pathebulo. Holo inali yodzaza, ng'oma za ochemerera zikulira. Alendo anatenga gawo loyamba. Akanatenganso lachiwiri pofika pa 25, basi masewero akanathera pomwepo. M'gawo lachiwirilo alendo anafika pa 22, eni bwalo ali pa 21.

Mpira unagwera mbali ya eni bwalo. Woyimbira analoza alendo. Nthawi yomweyo Serin anadzigwetsa pansi atagwira kakolo, n'kumakuwa. Woyimbira anatsika pampando wake, makochi anathamanga, anthu onse anaimirira. Pakati pa miyendo ya anthuwo, diso la Serin linapeza Darae.

Dzanja la Darae linali kale pakhadi la 23. Analibweza.

Serin atadzuka akutsimphina mwachinyengo, kochi wa alendo anayang'ana bolodi n'kuima njii.

"Si 23 kodi ife?"

Woyimbira anabwera pathebulo. "Mwana iwe, alendo ali pa zingati?"

Darae anayang'ana bolodi. "22, bwana."

"Ukunena zoona?"

"Inde, bwana."

Kochi wa alendo ankafuna kupitiriza mkangano, koma Okju anamukoka malaya. "Aphunzitsi, zisiyeni. Darae ndimamudziwa, sanganame."

Darae analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe.

Wezulo inalira. Alendo anapeza pointi, kenaka inanso. Bolodi linkati 24. Koma Darae ankadziwa kuti inali 25. Masewero anali atatha. Okju amayenera kukhala akulumpha ndi anzake panthawiyo, osati kupindanso mawondo kudikira mpira wina. Darae anafuna kuimirira n'kukuwa, koma chithunzi chija chinamukhazika pansi.

Mpira unaulukanso. Serin analumpha, kakolo kaja katachira mwadzidzidzi, n'kuumenya ndi mphamvu zonse. Unagunda dzanja la mlendo wina n'kupatukira kunja kwa bwalo, kulunjika kuthebulo. Okju anauthamangira, maso ali m'mwamba. Anadziponya.

Khosi ndi phewa zinamenya ngodya yachitsulo ya thebulo. Bolodi linagwa, makadi anamwazika. Ng'oma zinaleka.

Okju anagona chafufumimba pamapazi penipeni pa Darae. Magazi anayamba kuyenderera pansi.

"Darae," ananong'ona, "dzanja langa lili kuti? Sindikulimva."

Anamutenga pamachira. Amayi a Okju ankathamanga pambali akuitana dzina lake.

Masiku otsatira Darae chakudya chinamukana. Foni ikalira m'nyumba ankadzidzimuka. Akatseka maso ankaona Okju akubwera, maso m'mwamba. Amayi ake ankaganiza kuti ndi chisoni cha mnzake, n'kumamusisita pamsana, ndipo dzanja lawolo linkamuwotcha ngati khala.

Koma bambo a Okju anali atajambula masewero onse pafoni. Ali kuchipatala ankaonera kanemayo mobwerezabwereza, kufuna kumvetsa mmene mwana wawo anagwera. Ulendo wina anayamba kuwerenga mapointi, ndipo kanemayo anakamupereka kusukulu ya Darae.

Darae anaitanidwa ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Anapeza bambo ake ali momwemo ndi zovala za kuntchito, manja akuda ndi oyilo. Serin analinso pomwepo. Kanema uja anaonetsa poyera dzanja likugwira khadi, kenaka n'kubwerera.

"Serin, ukudziwapo chiyani?" anafunsa mphunzitsi wamkulu.

"Ine ndimasewera mpira, aphunzitsi, sindiwerenga mapointi. Funsani wa pathebuloyo."

Serin sanamuyang'ane n'komwe Darae. Pamenepo Darae anagwada n'kuulula zonse: mowa, chithunzi, mapointi akale, bodza la pamaso pa woyimbira. Chimene anachiopa kwambiri kuti bambo ake angachidziwe anachinena yekha ndi pakamwa pake, ndipo chinaoneka chaching'ono pochiyerekeza ndi chimene anachita pochibisa.

A Pyo anayang'ana mwana wawo. Kenaka anati, "Chithunzicho chikanandichititsa manyazi, inde. Koma ndikanachira. Nanga mwana wa eniake uja achira?"

Timu inachotsedwa mumpikisano. Serin anachotsedwa sukulu, Darae anaimitsidwa. A Pyo anatula pansi udindo wawo kumpingo. Kenaka anatenga mwana wawo kupita kuchipatala, ndipo Darae anaona chimene sanachionepo chibadwire: bambo ake atagwada m'khonde pamaso pa makolo a Okju, chipumi chili pansi, anthu odutsa akuwalambalala.

Okju anali chigonere, khosi lomangidwa. Madokotala anati adzayenda, koma dzanja lamanja silidzakwezekanso kupitirira phewa. Darae anaima pambali pa bedi akulira.

"Okju, ndinanama. Munali mutapambana. Ndikhululukire."

Okju anayang'ana kudenga.

"Ndinakuikira kumbuyo pamaso pa aphunzitsi anga," anatero pang'onopang'ono. "Kukhululuka ndiyesetsa, poti Mulungu amatero. Koma lero usandipemphe. Pita."

Darae anatuluka. Analapa ndithu, ndipo patapita nthawi anabwerera kusukulu ndi kutchalitchi. Koma Lamulungu lililonse ankaona Okju akutsegula buku la nyimbo ndi dzanja lamanzere, ndipo kulapa kwake sikunathe kubweza zimenezo.

Inu achinyamata, mverani. Tchimo silibwera ndi nyanga. Limabwera ngati mnzako amene akuti "kamodzi kokha," ndipo ukalibisa limakutuma tchimo lina lalikulu kuti likakuphimbe. Mukalakwa, ululani msanga kwa makolo ndi kwa Mulungu, manyazi akadali anu nokha. Mukachedwa, chilango chake chimagwera ngakhale munthu wosalakwa amene ankakukhulupirirani.